Pulagi ikungoda mwaye, ndikaika yatsopano nkhani yomweyo: ndiyambire pati?

Mwini150

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Njinga ndi ya 150cc, four-stroke, silinda imodzi, ya kabuleta, injini ya mtundu wa CG ija ya mapushirodi. Pulagi ndi NGK D8EA monga buku lake likunenera. Ikakhala yatsopano injini imalira ndi kiki imodzi. Pakapita kanthawi kochepa imayamba kuvuta m'mawa, kenako kudukizadukiza ndikatsegula throttle pang'ono, mapeto ake kuzimiratu. Ndikamasula pulagi ndimaipeza yakuda bii. Petulo ikumwanso kwambiri kuposa kale. Ena akuti ndiike pulagi yotentha, ena akuti maring'i a pisitoni atha. Ndiyambire pati?

Gogo Pisitoni

Achimwene, kungoti yakuda sikukutiuza zambiri, chifukwa kuda kwa pulagi kulipo kwa mitundu itatu ndipo uliwonse ukutumizani kosiyana. Musanaitsuke kapena kuitaya, ipakeni pa pepala loyera kenako muinunkhize. Ngati chotsalira ndi mwaye wouma, wofewa, wosanyezimira, ndiye kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, kapena moto ndi wofooka, kapena injini siikutentha mokwanira. Ngati ndi zonyowa, zonyezimira, zomata, zofika mpaka m'mazinga, ameneyo ndi oyilo, ndipo tikambirana za maring'i ndi masilo a mavavu. Ngati yanyowa ndi zamadzimadzi zonunkha petulo zimene zikuuma zokha mukaisiya pamphepo, petulo akulowa koma sakuyaka.

Tiuzeninso za utsi: wakuda, wabuluu kapena palibe, ndipo umatuluka nthawi yanji. Muonenso dipisitiki njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Oyilo akutsika, akukwera, kapena ali pomwepo? Mununkhizeninso oyiloyo.

Liwiro

Osavutika nazo zambiri. Chotsani 8 muike D7EA. Imatentha kwambiri, mwaye umapsa wokha. Vuto limathera pomwepo.

Mai wa Magetsi

A Liwiro, zoti 7 ndi yotentha kuposa 8 pa NGK mwanena zoona, koma kuyambira pamenepo n'kuphimba vuto. Ndifotokoze bwino kuti a Mwini150 asankhe akudziwa.

Pulagi yotentha siipereka moto waukulu ayi. Kusiyana kwake kuli pa mphuno yoyera ija yozungulira kachitsulo kapakati. Ikakhala yaitali, kutentha kumachedwa kuthawira ku mutu wa injini, nsonga imakhala yotentha. Ikakhala yaifupi, kutentha kumachoka msanga. Nsongayo imayamba kudziyeretsa yokha ikafika madigiri a Celsius 450 mpaka 500, ndipo ikapitirira 800 imatha kuyatsa petulo nthawi yake isanakwane, zimene zimaboola pisitoni. Opanga njinga anasankha 8 kuti pulagi izikhala pakati pa malire awiriwa injini ikamagwira ntchito yolemera. Injini yozizira ndi mphepo, yonyamula katundu, ikukwera mtunda wautali pa throttle yonse, ili ndi pulagi yotentha kuposa yoyenera, ndiyo imene imaonongeka.

Komanso onani zimene afunsazo: njingayi inkayenda bwino ndi 8 yemweyo, ndipo tsopano ikumwa petulo kwambiri. Pulagi siichititsa kuti thanki ithe msanga choncho. Chilipo chasintha kwina.

Muchenjerenso pogula. Pa NGK ndi Denso, nambala ikamakwera pulagi ikuzizira. Pa Bosch ndi Champion ndi mosemphana, nambala ikamakwera ikutentha. Ndipo zilembo zili ndi ntchito: pa NGK, D ndi mazinga a 12 mm, C ndi 10 mm, B ndi 14 mm. E akutanthauza kuti mbali ya mazinga ndi yotalika 19 mm, H ndi 12.7 mm. Mukaika ya H pamene pakufunika ya E, nsonga imabisala m'bowo, siifika pomwe pali moto, imada msanga, ndipo mwaye umadzaza mazinga otsalawo mpaka pulagi yoyenera kudzakana kulowa.

Liwiro

Chabwino mayi, koma pali njinga zina zoyenda pafupipafupi zokhazokha, sizitentha n'komwe. Zimenezo 7 imathandiza.

Mai wa Magetsi

Inde, ndipo mabuku a njinga zina amalembadi pulagi yachiwiri, yotentha ya nyengo yozizira kwambiri kapena yozizira ya maulendo othamanga nthawi yaitali. Ngati buku lalola, sitepe imodzi yokha, ndipo pokhapokha kabuleta, fyuluta, moto ndi kompulesheni zitapezeka kuti zili bwino. Imeneyo ndi ntchito yomaliza, osati yoyamba.

Mwini150

Ndayesa monga mwanenera a Gogo. Mwaye ndi wouma, suli womata. Utsi ndi wakuda ndikapotokola throttle, wabuluu sindikuuona ngakhale m'mawa. Oyilo wapitirira pang'ono mzere wapamwamba pomwe sindinawonjezere, ndipo akununkha petulo. Nthawi zina njinga ikaima kapaipi ka pansi pa kabuleta kamadontha. Maulendo ambiri ndi afupiafupi, throttle siipitirira theka.

Sipanala10

Apo ndiye zaoneka. Maring'i asiyeni kaye, injini musaitsegule. Petulo akusefukira. Choyamba, oyilo ameneyo musayende nayenso. Petulo amamusungunula, amasiya kugwira pa zitsulo, ndipo cam ndi ma bearing ndi zimene zimalipira. Koma musinthe mutakonza kabuleta, apo ayi watsopanoyo aonongekanso. Pakadali pano kampopi ka pa thanki kazikhala pa OFF nthawi iliyonse njinga ikaima.

Yambani ndi zosafuna kumasula zambiri. Tsegulani bokosi la fyuluta. Ngati ndi ya pepala ndipo yada kapena yanyowa oyilo, isintheni, siichapidwa. Ngati ndi ya siponji, ichapeni ndi palafini kapena madzi a sopo, iume gwa, muidontheze oyilo pang'ono, muifinye m'manja osapotokola mpaka isadonthenso. Ambiri amaiviika oyilo wambiri, mpweya n'kumalephera kudutsa. Onaninso pakamwa pa bokosilo ngati sipanatsekedwe ndi kansalu kapena mapepala osungidwa pansi pa mpando. Mukapeza oyilo wadekha pansi pa bokosi, nthawi zambiri wachokera ku kapaipi kopumira injini chifukwa oyilo wadzadza mopitirira.

Kenako choke. Chotsani paipi yochokera ku fyuluta musuzumire m'kamwa mwa kabuleta. Choke ikakhala yozimitsa, kambale kake kayenera kugona motsatira njira ya mpweya kuti muzingoona m'mphepete mwake. Kakapendekeka ngakhale pang'ono, njinga ikuyenda ndi choke tsiku lonse. Pa makabuleta a choke ya pulanja, onani kalabala ka kunsi kwa pulanjayo komanso kuti kebulo ili ndi kampata kosewera, isakhale yokokeka.

Tsopano fuloti, choyandama cha m'mbale ya kabuleta chimene chimatseka petulo mbale ikadzaza, kumene ine ndikukayikira kwambiri. Musanamasule mbale ya pansi, yezani mulingo wa petulo. Pezani kapaipi koonekera mkati, kavekeni pa kamlomo kotulutsira petulo pansi pa mbale, kapindireni m'mwamba kagundane ndi mbali ya kabuleta, njinga itaima chilili. Tsegulani kampopi, mumasule sikuluwu yokhetsera petulo. Petulo akwera m'kapaipimo mpaka pa mulingo womwe uli mkati. Pa makabuleta ambiri aang'ono amaima pa mzere wolumikizana mbale ndi thupi la kabuleta kapena pansi pake pang'ono. Akapitirira mzerewo, kapena akamakwerabe pang'onopang'ono mukadikira mphindi zingapo, vavu ya fuloti siikutseka.

Mukamasula, onani zinthu zitatu. Nsonga ya kasingano kotseka petulo: ikakhala ndi kamzere kozungulira kodyeka, yatha. Kapini ka sipuling'i kumbuyo kwake kazilowa ndi kubwerera mosavuta. Fulotiyo igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati yabooka, kapena iviikeni m'madzi otentha muone ngati ikutulutsa thovu. Chachitatu ndi pampando pomwe kasinganoko kamakhala: kachitsotso kamodzi ka dzimbiri n'kokwanira kuti isatseke, ndipo ngati m'thanki muli dzimbiri vutolo lizibwerabwera mpaka mutatsuka thanki ndi kuika kafyuluta pa paipi ya petulo.

Poyeza kutalika kwa fuloti musatembenuze kabuleta chadodolido, kulemera kwa fuloti kumapanikiza kasipuling'i n'kukunamizani. Ipendeketseni mpaka kalilime kangokhudza kapini osakakanikiza, ndiye muyeze kuchokera pomwe pamakhala gasiketi, mufananize ndi nambala ya m'buku. Kalilime kachitsulo kamapindika pang'onopang'ono. Fuloti ya pulasitiki yokhayokha siipindidwa, imangosinthidwa.

Gogo Pisitoni

A Sipanala atsata bwino. Ndiwonjezere za zimene zimatsala fuloti ikakonzedwa, chifukwa njinga yoyenda mtunda wambiri kawirikawiri imakhala ndi mavuto awiri pamodzi.

Kabuleta ili ndi njira zitatu za petulo. Kuyambira idling mpaka kota ya throttle ndi pilot jet ndi sikuluwu yake (jeti ndi kamkuwa kokhala ndi kabowo koyeza petulo wodutsa). Kuyambira kota mpaka makota atatu ndi singano yaitali ya pa slide (kachitsulo kokwera mukapotokola throttle) ndi kabowo kamene imalowamo, needle jet. Kupitirira apo ndi main jet. Inu mwati throttle siipitirira theka, choncho main jet ilibe mlandu waukulu pano. Anthu amathamangira kuchepetsa main jet, njinga n'kumadabe pulagi m'tauni koma n'kumauma petulo ikathamanga, zimene zili zoopsa kuposa poyamba.

Sikuluwu ya pilot muidziwe kaye. Ikakhala mbali ya ku injini, nthawi zambiri pansi, imayendetsa petulo: kumasula n'kuwonjezera petulo. Ikakhala mbali ya ku fyuluta imayendetsa mpweya: kumasula n'kuchepetsa petulo. Imangeni mofatsa mpaka ingokhudza, mukuwerenga, kuti mudziwe pomwe inali. Osalimbitsa, nsonga yake imathyokera m'bowo. Bwezani maulendo awiri ngati poyambira, tenthetsani injini mphindi khumi, ikani idling cha pa 1,400 rpm, kenako tembenuzani kota kota mukumvetsera. Pezani pomwe injini ikulira mokwera ndi mosalala, ndiye mutsitse idling ndi sikuluwu ina ija ya slide. Chizindikiro chofunika ndi ichi: ngati mwatseka sikuluwu ya petulo mpaka kumapeto injini osazima, petulo akudzera kwina. Mwina mulingo ukadali pamwamba, mwina pilot jet inakulitsidwa, mwina needle jet yadyeka.

Pilot jet imakula chifukwa cha kutokosa ndi waya. Mkuwa ndi wofewa, bowo lake ndi laling'ono kwambiri moti kungopala pang'ono kwasintha kale muyezo. Tsukani ndi mankhwala a kabuleta ndi mpweya wa pampu basi. Jeti imene inatokosedwapo isintheni ndi ya nambala yomweyo.

Pali timabowo tina timene anthu amatiiwala: ta mpweya ta pakamwa pa kabuleta, ndi ting'onoting'ono ta m'mbali mwa kachubu kamene main jet imamangidwapo. Timeneti timasakaniza mpweya ndi petulo asanakwere. Tikatsekeka ndi fumbi, petulo amakwera yekha wopanda mpweya, ndipo njinga imada pulagi majeti onse ali a nambala yolondola.

Singano yaitali ija iyang'aneni pa kuwala. Malo onyezimira kapena kakhwawa mbali imodzi ndiye kuti yakhala ikukhuzana ndi needle jet chifukwa cha kunjenjemera, ndipo bowolo lasiya kukhala lozungulira. Zisintheni zonse ziwiri pamodzi. Kilipi yogwira singanoyo kumtunda ikhale pa mzere umene buku lanena, kawirikawiri wapakati. Kukweza kilipi kumatsitsa singano, petulo amachepa. Kutsitsa kilipi kumakweza singano, petulo amachuluka. Kukweza kilipi pa needle jet yodyeka kumangothandiza pang'ono, chifukwa pa throttle yochepa mbali yowongoka ya singano ndi imene ili m'bowo.

Ndipo sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zinayi nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza kapena chaononga.

Mai wa Magetsi

Ngakhale zizindikiro zikuloza ku petulo, moto muuyezebe, n'kwa mphindi zochepa. Moto wofooka umasiya mwaye wofanana ndendende ndi wa petulo wochuluka.

Kugunditsa pulagi pa injini n'kuona kamoto sikokwanira. Kunja kulibe kupanikizika, moto umadumpha mosavuta. Mkati mwa silinda mpweya wapanikizidwa ndipo pamafunika mphamvu yochuluka kwambiri kuti udumphe mpata womwewo. Ndiye pake pulagi yakuda imaonetsa moto kunja koma n'kukana mkati: mwaye umadutsitsa magetsi, ndipo magetsiwo amasankha kutsetsereka pa mphuno yoyera kupita ku chitsulo m'malo modumpha. Muyezo wabwino ndi kachida kokhala ndi mpata wosinthika. Moto uzidumpha 6 mm kapena kupitirira, wabuluu, wolira kuti thwa pa kiki iliyonse. Pochita izi khalani kutali ndi bowo la pulagi chifukwa mukutuluka nthunzi ya petulo, ndipo musamenye kiki waya wa pulagi ali lende osagunda paliponse, mutha kupha koyilo kapena CDI, kabokosi kolamula moto wa pulagi.

Kapu ya pulagi ipotokoleni ichoke pa waya, muyeze ndi mita. Zambiri zimakhala 5 kΩ. Ikaonetsa kuwirikiza apo, kapena mita osayankha, itayeni. Onani mkati ngati muli mng'alu kapena kamzere kotuwa komwe moto wakhala ukuthawira. Kumapeto kwa waya kukakhala kobiriwira kapena kophwanyika, dulani 5 mpaka 10 mm mubwezere kapu. Masulani koyilo mupale dzimbiri pomwe imagunda fulemu. Nambala za koyilo zimasiyana: ya CDI mbali yoyamba imakhala yochepera 1 Ω nthawi zambiri, ya TCI (mtundu wina wa kabokosi kolamula moto) imakhala ma ohm angapo, choncho fananizani ndi buku. Koyilo kapena source coil ya mu magneto (yopanga magetsi a CDI) ikhoza kuonetsa bwino ili yozizira n'kufooka ikatentha, ndiye yezaninso moto injini itangozimitsidwa.

Ngati njinga ndi ya DC-CDI kapena TCI, moto umadalira batire. Likhale cha pa 12.6 V injini itazima, ndipo 13.5 mpaka 14.5 V injini ikulira mokwererako. Mpata wa pulagi ya D8EA ndi 0.6 mpaka 0.7 mm, muyeze ndi feeler gauge ngakhale ili yatsopano, ndipo popinda gwirani kachitsulo kakunja kokha. Pulagi zachinyengo ziliponso: zilembo zofufutika ndi chala, mazinga okhakhala, washala wongogwa yekha, kachitsulo kapakati kosakhala pakati.

Wa Utsi

Pepani kulowerera, yanga ndi two-stroke ya pampu ya oyilo, pulagi imatuluka yonyowa ndi yakuda, ku ekizozi kumadontha zakuda. Ndichepetse oyilo?

Gogo Pisitoni

Musathamangire kuchepetsa oyilo, achimwene, injini ingagwire. Funso loyamba: kodi mukuthiranso oyilo m'thanki ya petulo pomwe pampu ikugwira ntchito? Ambiri amatero poopa kuti pampu yafa, injini n'kumalandira kawiri. Sankhani chimodzi. Ngati ndi pampu, tsegulani kachivundikiro kake muone ngati zizindikiro za pa gudumu la kebulo zikukumana pomwe buku lanena. Kebulo yokokeka kwambiri imapereka oyilo wa throttle yaikulu njinga ili pa idling. Ngati mumasakaniza nokha, yezani ndi kapu ya manambala: 50:1 ndi 20 ml pa lita, 40:1 ndi 25 ml, 32:1 ndi 31 ml. Oyilo akhale wa two-stroke weniweni, wa JASO FC kapena FD amasiya zotsalira zochepa. Wa four-stroke sanapangidwe kuti azipsa.

Koma nthawi zambiri two-stroke imanyowetsa pulagi chifukwa cha kabuleta, osati oyilo. Petulo akachuluka moto umazizira, oyilo amene akanapsa amatsala, ndipo munthu amaganiza kuti oyilo ndiye wachuluka. Zonse zanenedwa pamwambapa za fyuluta, choke, fuloti ndi pilot zikukhudzani. Onaninso oyilo wa m'magiya. Akamatsika popanda podontha, utsi uli wambiri wonunkha mosiyana, silo ya kirankishafuti ya mbali ya kilachi yatha ndipo injini ikuyamwa oyilo wa magiya. Pamenepo ngakhale musinthe majeti onse pulagi izidabe. Ekizozi yodzala mwaye imachitanso zomwezo, njinga imakhala yolemera ndipo siikwera ma rev.

Tcheni428

Nanga pulagi ya four-stroke ikakhala yonyowadi oyilo, tingadziwe bwanji ngati ndi maring'i kapena masilo tisanatsegule?

Sipanala10

Utsi umanena kale zambiri. Wabuluu wotuluka injini ikangolira itakhala nthawi yaitali, kenako n'kutha, kapena wotuluka mukatsegulanso throttle mutatsika mtunda itatsekedwa, umaloza masilo ndi ma guide a mavavu. Wabuluu wosatha, wokula mukamakoka katundu, pamodzi ndi mpweya wambiri wotuluka pa kapaipi kopumira, umaloza maring'i ndi silinda.

Musanayeze kompulesheni, konzani mpata wa mavavu injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba pa sitiroko ya kupanikiza, chizindikiro cha T cha pa magneto chitakumana ndi mzere, ma rocker onse awiri akusewera. Pa Honda CG125 ndi 0.08 mm, injini zina zazing'ono ndi 0.05 mm, onani yanu. Vavu yothina siitseka bwino, kompulesheni imatsika, petulo sapsa yense, ndipo imeneyonso imadetsa pulagi.

Kenako tenthetsani injini, mangani geji pa bowo la pulagi, throttle yonse yotsegula, choke yozimitsa, menyani kiki mpaka muvi usiye kukwera. Throttle yotseka imapereka nambala yotsika yabodza. Injini yabwino ya mtundu uwu imaonetsa cha m'ma 150 psi kupita m'mwamba, ikatsika kufika cha ku 100 psi pali vuto. Injini zokhala ndi decompressor, kachida kochepetsa kompulesheni poliza injini, zimaonetsa zotsika mwachibadwa. Ikatsika, thirani oyilo 5 ml m'bowo muyezenso. Nambala ikadumpha kwambiri ndi maring'i, ikangokhala pomwepo ndi mavavu kapena gasiketi ya mutu. Dziwani kuti oil ring ikhoza kutha kapena kumatirira maring'i apamwamba akugwirabe, kompulesheni n'kuoneka yabwino injini ikudya oyilo. Geji siikuuzani zonse.

Jekeseni

Kwa amene ali ndi njinga za fuel injection, zopopera petulo popanda kabuleta, kuwerenga pulagi n'chimodzimodzi, kusiyana ndi kokafufuza. Sensa ya kutentha kwa injini ikamanama kuti injini ikadali yozizira, kompyuta imapitiriza kuwonjezera petulo ngati choke yosazimitsa. Injector yodontha imanyowetsa pulagi njinga itaima. Sensa ya oxygen yakufa kapena waya wake woduka amasokonezanso muyezo. Yambani ndi kuwerenga mmene nyali ya injini ikuphethirira kapena kulumikiza makina owerengera, musanagule chilichonse.

Mwini150

Ndabwera ndi zotsatira. Fyuluta ya siponji inali yolemera oyilo, ndaichapa. Choke ikutseguka bwino. Pa kapaipi koonekera petulo anapitirira mzere wa mbale ndipo ankakwerabe. Kasingano ka fuloti kanali ndi kamzere kodyeka, ndasintha, tsopano akuima pansi pa mzere pang'ono ndipo kudontha kwatha. Oyilo ndasintha. Kapu ya pulagi inaonetsa 11 kΩ, ndaika ina ya 5. Kompulesheni 160 psi. Injini ikulira msanga, koma sikuluwu ya pilot ikufuna kukhala pa ulendo umodzi wokha, ndipo pa kota ya throttle ikumvekabe yolemera. Pulagi yakale ndaipala ndi bulashi ya waya ndabwezera, yayambanso kuda.

Gogo Pisitoni

160 ndi nambala yabwino, injini isatsegulidwe. Chatsala chili pakati pa pilot jet ndi needle jet. Sikuluwu yofuna kutsekedwa chotere ikusonyeza kuti petulo akadali wochuluka pa throttle yochepa. Tulutsani slide muone singano, kankhani needle jet ituluke muiyang'anitse pa kuwala, muwerengenso nambala ya pa pilot jet mufananize ndi buku. Ngati simukudziwa mbiri ya jetiyo, ikani yatsopano. Musaiwale ka O-ring ndi kawashala ka pa sikuluwu ya pilot, timatsalira m'bowo kapena kutayika potsuka.

Pulagi yakaleyo siingakuuzeninso zoona. Bulashi ya waya imasiya timizere ta chitsulo pa mphuno yoyera, magetsi n'kumadzera momwemo, ndipo mwaye wa mkati mwenimweni sufikika. Poyesa pamafunika yatsopano. Tenthetsani injini ndi yakaleyo, ikani yatsopano, lembani chizindikiro pa chogwirira cha throttle pa kota. Pa msewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri yendani mphindi zingapo throttle ili pa chizindikirocho osasuntha, kenako nthawi imodzi gwirani kilachi ndi kuzimitsa injini, muime ndi mabuleki. Musailole kubwerera pa idling, ingafufute zimene mukufuna kuona. Yang'anani mkati mwenimweni, pomwe mphuno yoyera yakumana ndi chitsulo. Yofiirira pang'ono kapena yotuwa ndi yabwino. Petulo wa masiku ano wopanda mtovu sapaka mtundu msanga, choncho kuyererako pa pulagi yatsopano kusakuopseni, pokhapokha pali timatuza, timadontho tonyezimira ta chitsulo, kapena injini ikulira ngati muli timiyala.

Liwiro

Ndamva. Koma maulendo afupiafupi aja akhalapobe. Akapanda kusintha pulagi achite chiyani?

Sipanala10

Choke izimitsidwe injini ikangotha kulira yokha, osayenda nayo. Osasiya njinga pa idling nthawi yaitali poti itenthe, pa idling nsonga ya pulagi siifika pa kutentha kodziyeretsa, imangounjika mwaye. Ndi bwino kunyamuka mofatsa. Osakokera giya yapamwamba pa liwiro lotsika, tsitsani giya injini izungulire momasuka. Nthawi ndi nthawi ipatseni ulendo wa mphindi 15 kapena 20 pa liwiro labwino. Amene asamukira kumalo okwera kwambiri adziwenso kuti mpweya kumeneko ndi wopepuka, kabuleta yomweyo imapereka petulo wochuluka, ndipo pangafunike jeti yocheperako.

Mai wa Magetsi

A Mwini150, popeza muzimasula pulagi kangapo poyesa, samalani mazinga a mutu, ndi aluminiyamu. Uzirani fumbi lozungulira pulagi musanaichotse. Polowetsa yambani ndi zala mpaka washala agunde, ikalimba pa maulendo awiri oyamba bwererani, yapingasa. Ya 12 mm imamangidwa 15 mpaka 20 Nm, ya 10 mm ndi 10 mpaka 12 Nm. Popanda torque wrench, yatsopano ndi pafupifupi theka la ulendo washala atagunda, koma yomwe inamangidwapo kale ndi kachigawo kakang'ono chabe, chifukwa washala anaphwatalala kale. Yosalimba ndi yoipanso: kutentha kwake sikudutsa bwino kupita ku mutu ndipo mpweya umathawira m'mazinga.

Mukasintha needle jet ndi singano, sikuluwu ya pilot muichunenso kuyambira pa maulendo awiri, chifukwa pomwe ili panopa ikubweza za bowo lodyekalo. Pakatha masiku angapo mununkhizenso dipisitiki. Ngati fungo la petulo labwerera pomwe fuloti ikutseka bwino, chotsani paipi pa kampopi kali pa OFF muone ngati sikakudontha. Mutitumizire chithunzi cha pulagi ya pa kota ija, chojambulidwa pa kuwala kwa dzuwa, kamera italoza mkati mwa mphuno.